Nyimbo imene Bambo sanaiwale

Bambo anga anali woyimba. Zimenezi ndinazimvera kwa anthu ena, chifukwa pamene ndinkayamba kuzindikira, gitala lawo anali ataliwotcha kale kuseri kwa chigafa cha fodya kwathu ku Mitundu, ndipo m'nyumba nkhaniyo sinkatchulidwa.

Akuti dziko litangolandira ufulu, iwo anali mnyamata wa suti yothina, woyimba m'mabala a ku Lilongwe. Nyimbo zawo zitatu zinamveka pa wailesi: ina ya njinga yobwereka, ina ya munthu wobwera kuchokera ku Joni ndi sutikesi yopanda kanthu, ndiye ina ya mtsikana wogulitsa nzimbe pamsika. Yomalizayi ndi imene inkadzutsa fumbi pa maukwati. Kenako mowa, ndewu, mnzawo woyimba ng'oma n'kubayidwa iwo akuona. Analapa pa msonkhano wa chitsitsimutso, nakhala mkulu wa mpingo mpaka imvi. Nyimbo zija ankazitcha unyolo wa Satana.

Mayi atamwalira, Bambo ndinawatengera kwanga ku Nathenje. Mutu wawo unayamba kusokonekera. Ine ankanditcha achemwali. Pemphero la Ambuye ankalekezera pakati, n'kumandiyang'ana ngati ndawabisira mawu. Nyimbo za kutchalitchi zinatha m'mutu mwawo imodziimodzi.

Mmawa wina ndikuwasambitsa mapazi pakhonde, anayamba kuyimba ya mtsikana wa nzimbe, ndime zonse, zala zikugogoda mpando. Ndinasiya kuwasambitsa. Nanga Ambuye akabwera kudzawatenga nyimbo imeneyi ili pakamwa? Kodi kulapa kuja kunali laimu chabe pakhoma, amene mvula yatsuka? Ndinkawaikira nyimbo zauzimu pafoni, iwo n'kumangoyang'ana nkhuku. Tsiku lina ndinawakalipira, bambo anga ondibala, kuti akhale chete. Anakhaladi chete, ndipo ine ndinakalira kubafa.

Ndiye kunabwera uthenga woti Lachinayi amayi a mumpingo adzabwera kudzawazonda. Ndinasala kudya Lachitatu lonse, kupempha kuti Mulungu awatseke pakamwa kwa ola limodzi lokha.

Anafika masana, mabulauzi oyera, n'kukhala pamkeka. Mtsogoleri wawo anayambitsa nyimbo, ena n'kuvomera monga timachitira. Bambo anakweza dzanja. Amayi aja anadukiza nyimbo, poganiza kuti akulu a mpingo akufuna kulankhula. Koma Bambo n'kuyambitsa yawo ya nzimbe ija.

 Ine maso pansi. Bambo anafika poti anthu avomere, n'kudikira, dzanja lili m'mwamba.

Amene anavomera ndi mayi wina wokalamba woyendera ndodo, wochokera kwathu ku Mitundu komweko. Mawu osasa, koma osaphonya.

"Iii, amayi! Mukutani?" anatero mtsogoleri uja.

"Munthu akayambitsa nyimbo timamusiya yekha? Inu munali musanabadwe, khalani phee." Kenako anandiloza ndi ndodo. "Iwe, ukubisa nkhope chifukwa chiyani? Wa nzimbeyo ndi mayi ako. Ine ndinkakhala naye pafupi ndi zitumbuwa zanga. Bambo akowa ankagula nzimbe tsiku lililonse, mano akuwawawa."

Ena anaseka mobisa m'zitenje. Ine sindinaseke. Zaka zonsezi ndinkaopa nyimbo ya mayi anga, osadziwa.

Atamaliza awiriwo, mayi uja anati, "Abambo a mpingo, tsopano tipemphere." Bambo, amene sankathanso kumanga batani la malaya, anavula okha chipewa, n'kuchiika pabondo, n'kuweramitsa mutu. Ine sindinatsinzine pa pemphero limenelo. Ndinkangoyang'ana chipewacho.

Anamwalira patapita milungu itatu, kuchipatala, dzuwa lili pamutu. Milomo yawo inkagwedezeka. Ndinaika khutu pafupi, koma sindinamve kuti inali nyimbo iti, kapena ngati inali nyimbo n'komwe.

Sindinama kuti mantha anatha. Masiku ena ndikupalira chimanga amandigwira, ndimasiya khasu. Ndine mayi wamba, sindidziwa mmene Mulungu amaweruzira munthu amene nzeru zinamuthawa. Chimene ndinaona ndi maso anga ndi chipewa pabondo. Ndinachisunga m'sutikesi pamodzi ndi Baibulo lawo, ndipo ndikagwada ndimawauza Ambuye kuti: Bambo anaiwala mawu anu, koma Inu musawaiwale.