A Chisale ndi Asewele Awo a ku Skerries

A Greenwell Chisale sankafunsa munthu kuti wadzuka bwanji asanamufunse mfunda wake. Kaya ndi pamaliro, kaya kumapemphero, kaya podikira basi ku Ballymun, dera la mu Dublin kumene amakhala, akangomva wina akulankhula Chichewa ankamusendera pafupi n'kuyamba: "Kwanu n'kuti? Nanga mfunda?" Ukati Mbewe, ankagwedeza mutu ngati dokotala amene wapeza matenda. Ukati sukudziwa, basi, unali utadzigwetsa wekha, chifukwa kwa iwo munthu wosadziwa mfunda wake anali nkhuku yogula pamsika.

Anabadwira ku Mponela, ndipo anaphunzitsako pulayimale asanabwere kuno ku Ireland. Anafika nthawi ija makoleji ang'onoang'ono ankamera ngati bowa m'tauni ya Dublin. Koleji yawo inatsekedwa iwo asanaone ngakhale kapepala, koma kubwerera kumudzi chimanjamanja kunawachititsa manyazi, ndiye anangokhalira. Patapita zaka anapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Skerries, kunja kwa Dublin: kukankha mipando ya matayala, kusintha zofunda, kunyamula mbale. Ndi ntchito yabwino, ndipo Amalawi ambiri amaigwira mutu uli m'mwamba. Koma a Chisale ankauza anthu kuti ali "mu health sector," ndipo m'sitima ankakwera ndi chikwama chachikopa ngati loya. M'chikwamamo munkakhala ambulera ndi buledi.

Akazi awo, a Ethel, anatopa ndi maulaliki a m'nyumba, nasamukira ku Cork ndi ana awiri. Anawo akawaimbira foni n'kuyamba kuwatchulira mayina a makolo akale mmodzimmodzi, ankangoyankha kuti, "Okay, Dad." Mawu awiri amenewo ankawapweteka kuposa chisanu cha kuno.

Chimene ankachilakalaka pa moyo wawo chinali chimodzi: kukhala nkhoswe. Ankafuna tsiku lina adzaime pamaso pa anthu, suti ili thi, alankhule za mwambo holo yonse ili zii. Koma Amalawi a ku Dublin ankakwatirana chaka ndi chaka osawaganizira. Ngakhale Aggie, woluka tsitsi ku Blanchardstown, amene atafunsidwa mfunda anayankha kuti "mfunda wanga ndi Aggie," anali atakhalapo kale nkhoswe pa maukwati angapo. A Chisale akamva dzina lake ankatsonya.

Mwayi wawo unabwera ndi Mwaiwathu, mwana wa malemu mlongo wawo Louisa. Mtsikanayu ndi nesi pachipatala china ku Blanchardstown, ndipo anabwera kuno ndi khama lake, ngakhale amalume ake ankauza aliyense kuti anamuitanitsa ndi iwo. Lamlungu lina masana anawaitanira tiyi kumashopu aakulu a ku Blanchardstown.

"Amalume, ndapeza munthu," anatero Mwai. "Ndi nesi mnzanga. Dzina lake Jomon Puthenpurackal, kwawo ndi ku Kerala, ku India."

"Mmwenye?" anafunsa a Chisale, kapu ili m'malere.

"Ee, amalume. Koma chonde, for now nkhaniyi ikhale pakati pa inu ndi ine. Makolo ake sakudziwa, ndipo ali busy kumufunira mkazi kwawo. Akupita ku holiday mu December, akawauze yekha pamasom'pamaso, pang'onopang'ono. Akabwerako, nkhoswe yanga mudzakhala inuyo. Ndilibenso wina."

Pa zonsezi a Chisale anamva bwino mawu amodzi okha, a nkhoswe. Zinazo zinangodutsa. Anamuuza Mwai kuti abwereze dzina lija mpaka lilime lawo litalizolowera, ndipo potsanzikana anamutsimikizira kuti iwo si mwana, chinsinsi amachidziwa kusunga kwake.

M'mawa mwake, ali kuntchito, maso awo anagwera pa baji ya nesi wamkulu wa pamalopo. Mayiyu anali atagwira naye ntchito zaka zambiri, akumangomutchula kuti Sisitala Tessy ngati wina aliyense, osawerengapo chimene chinalembedwa pachifuwa pake. Pa bajipo panali Thresiamma Puthenpurackal. Sabata isanathe anapezanso dzina lomwelo pa bambo wina wophika kukhitchini, kenako pa mayi wobwera kudzawongola miyendo ya okalamba. Atafunsa mnzawo wogwira ntchito pachipatala china, anawauza kuti nakonso aliko.

Apa nzeru za a Chisale zinayamba kuthamanga. Kwathu Chisale akakumana ndi Chisale mnzake, ngakhale kukhale ku Joni, ndi abale, ndipo sangagone ndi njala. Ndiye dzina lopezeka m'chipatala chilichonse chonchi likanakhala chiyani, ngati si mtundu waukulu, mwinanso wachifumu? Anayamba kuyenda chifuwa chili patsogolo. Kumapemphero ankangoponya mawu m'mwamba kuti muphwa wawo akulowa m'banja lalikulu, loti ena a ife sitingalitchule n'komwe.

Kenako anakumbukira mwambo. Nkhoswe yeniyeni sidikira ana kuti aiuze chochita. Imafuna nkhoswe inzake ya kuchimuna, akuluakulu n'kukambirana okhaokha. Mwai anati makolo asadziwe, inde, koma Sisitala Tessy si kholo. Ndi azakhali, kapena pafupi pamenepo. Zoti mnyamata akadziululire yekha kwa bambo ake anaziona kuti ndi zachibwana za ana a masiku ano. Kufunsa Mwai kaye sanakuganizire, poti iwo ndiye ankafunsidwa za mitundu, osati kufunsa. Paja akuluakulu anati ndadziwakale anamanga nyumba yopanda khomo.

Lachisanu anapita kuntchito suti ili m'chikwama chija. Nkhuku yamoyo kuno sipezeka, choncho anagula youma ndi ayezi kushopu ya zakudya za kwathu, naikulunga m'chitenje chatsopano. Nthawi yopuma itakwana anakasintha zovala, n'kulowa m'chipinda chodyera antchito. Sisitala Tessy anali pakona akudya mpunga, ndipo patebulo lina panali manesi awiri achitsikana a kwawo komweko. A Chisale anagwada bondo limodzi, anaomba m'manja mwaulemu, naika nkhuku patebulo.

"Asewele," anatero, kenako anapitiriza m'Chingerezi chawo cha m'kalasi. Anafotokoza kuti asewele ndi mmene amaitanirana akuluakulu amene ana awo akwatirana, ndipo kuti iwo abwera m'dzina la mbumba ya kwa Chisale kudzadziwitsa a kwa Puthenpurackal kuti mwana wawo Jomon waona mbeta pakhomo pawo.

Mayiyo anayang'ana nkhuku, nayang'ana munthu wogwadayo. "Greenwell, dzukani kaye. Jomon wake uti?"

A Chisale anamwetulira. Ankadziwa kuti akuluakulu amayamba ndi kukana, kuti aone ngati wabwerayo ali wotsimikiza. Ndiye anatsimikiza. Anatchula zonse zimene anatola kwa Mwai: chipatala chimene mnyamatayo amagwira, wodi yake, boma la kwawo la Kottayam, ndi zoti bambo ake anali mphunzitsi. Anawonjezanso, mopanda kufunsidwa, kuti akudziwa zoti kumudzi akumufunira mkazi wina, koma zimenezo akuluakulu akhoza kuzikonza. Patebulo lina lija masupuni anali atasiya kulira.

"Sindikumudziwa mwana ameneyu," anatero Sisitala Tessy motsitsa mawu. "Mvetserani, Greenwell. Dzina ili kwathu si la mtundu, ndi la nyumba. M'Chimalayalamu, chilankhulo chathu, puthen ndi chatsopano, pura ndi nyumba. Mwana akachoka pakhomo pa makolo n'kukamanga pake, oyandikana nawo amangoti uyo wa kunyumba yatsopano, ndipo dzinalo limakanirira mpaka kwa zidzukulu. Pafupifupi dera lililonse lili ndi nyumba yatsopano yake. Yathu inamangidwa ndi agogo a agogo anga, ndipo denga lake likudontha. Tilipo ambirimbiri, ena Akhristu, ena ayi, ndipo sitidziwana."

"Koma magazi ndi amodzi," anaumirira a Chisale.

"Ayi. Tinangofanana kuti winawake kalekale anasamuka."

Munthu wanzeru akanatola nkhuku yake n'kupempha onse atatu kuti zimene amvazo zithere momwemo. A Chisale anaimirira, anasasa bondo, nanena kuti aipereka nthawi nkhaniyi kuti a kuchimuna akambirane. Nkhuku anaisiya patebulo pomwepo, itayamba kusungunuka.

Anthu a ku Kerala kuno ali ngati ife tomwe: ndi ochuluka m'zipatala, amakumana ku Misa ya chilankhulo chawo, ndipo foni zawo sizigona. Atsikana awiri aja sanali oipa mtima, koma nkhani ya bambo wa suti wogwada ndi nkhuku youma inali yokoma kwambiri moti sikanatheka kuimeza. Pofika Lamlungu inali m'kamwam'kamwa pakhomo la tchalitchi. Mkati mwa sabata inali itawoloka nyanja, ndipo poyenda inanenepa. Mayi ake a Jomon anaimva kwa mnansi wawo, pagulu, kuti mwana wawo anakwatira kale mwachinsinsi ku Ireland, kuti mkaziyo ndi woyembekezera, ndipo kuti abale a mkaziyo akuyenda m'zipatala kugawa nkhuku. Bambo ake a Jomon anasiya kuyankha foni. Anangotumiza uthenga kudzera mwa wachibale kuti mu Disembala asavutike kubwera.

Mwai anafika ku Ballymun atangoweruka, akadali mu yunifolomu. Amalume ake anamuuza kuti alowe, koma iye anaima pakhomo.

"Amalume, ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha."

"Iwe Mwai, ine ndimatsata mwambo. Nkhoswe siingakhale manja lende ngati mlendo. Komanso ndani akanadziwa kuti anthu a dzina limodzi sangakhale pachibale? Ndi mtundu wanji umenewo?"

"Mukanandifunsa ine. Phone call imodzi, amalume. Jomon sakudya, bambo ake amukana, mayi ake akungolira. Inu mukuti mwambo?"

"Mtima pansi, mwana wa mlongo wanga. Zimenezi ndizikonza ine."

"Ayi, musakonzenso kanthu. Please."

Anatembenuka n'kumapita. Sanakuwe, sanatukwane, ndipo zimenezi zinawalimbitsa mtima a Chisale kuti mkwiyowo ndi wa masiku ochepa. Anauza anzawo kuti ukwati wopanda malume ndi wa nkhuku, ndipo kuti mwanayo adzabwera yekha akadzafuna woimirira. Suti anaipititsa kochapitsa. M'sitima ya ku Skerries ankayang'ana pawindo milomo ikugwedera, kuyeserera mawu amene adzalankhule pa tsikulo. Anali atakonza zoyamba ndi mbiri ya a Chisale kuchokera pamene anawoloka kulowa m'Malawi, kenako n'kutsirizira ndi nthabwala ya nkhuku ija, kuti anthu aone kuti iwo ndi munthu wodziwa kudziseka. Disembala anadutsa, foni yawo ili chete. Mauthenga awo kwa Mwai ankawerengedwa koma osayankhidwa.

Chimene sankadziwa n'chakuti Sisitala Tessy nkhaniyi inamukhala pamtima, poti moto unayambira patebulo pake. Atapita kutchuthi kwawo anakwera basi ulendo wautali kukafuna nyumba ya anthu amene sankawadziwa, ongofanana nawo dzina. Anakhala pakhonde ndi mayi ake a Jomon, nawauza zoona zake: kuti palibe ukwati wachinsinsi, palibe mimba, kuti mtsikanayo anakamuona yekha ndipo ndi mwana waulemu, ndiponso kuti tsoka lake ndi malume basi. Mayiwo anafewa. Bambowo sanafewe kwenikweni, koma anayambanso kuyankha foni. Kuntchito Sisitala Tessy sanatchulepo kanthu kwa a Chisale, ndipo iwo ankaona ngati kukhala chete kumeneko ndi ulemu wa pakati pa asewele.

Lolemba lina, kunja kutayamba kufunda, mayiyo anawaitana m'chipinda chodyera chomwe chija. Anatulutsa kanthu kokulunga m'katishu, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Asewele," anatero. Anali mawu okhawo a Chichewa amene ankawadziwa, ndipo anawatchula bwinobwino, mopanda chipongwe.

A Chisale anatsegula. Inali keke, kachidutswa kakang'ono koyera pamwamba. Sisitala Tessy anawaonetsa chithunzi pafoni. Panali khomo la tchalitchi china chaching'ono ku Blanchardstown, Mwai ali m'zoyera, Jomon pambali pake akuseka mano onse pamtunda. Kumbali ya mkwati kunaima Sisitala Tessy mwiniwake, munthu wopanda naye ubale uliwonse. Kumbali ya mkwatibwi, pamalo a nkhoswe, panaima Aggie, duku lili ngwi, chitenje chili m'chiuno.

Anachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, akufunafuna pakati pa nkhope za kumbuyo ngati kuti mwina adzipezamo. Munali Amalawi ambiri amene ankawadziwa, ena a iwo anali nawo kumapemphero dzulo lake lomwe, ndipo palibe amene anawatsina khutu.

"Watumiza ndi Mwai kekeyi?" anafunsa, mawu atachepa.

Sisitala Tessy si munthu wodziwa kunama. "Ayi, Greenwell. Ndinangokutengerani ndekha."

Belu la m'chipinda china linalira, gogo wina anali atanyowetsa zofunda. A Chisale anakulunganso keke ija, anaiika m'chikwama chachikopa pafupi ndi ambulera, n'kupita kukasintha zofundazo.