Masofa Ogona Chagada a Ba Levy

Mumsewu wa Kalingalinga ku Lusaka, kumene akalipentala amayala katundu wawo pafumbi, masofa onse amakhala mwaulemu ngati alendo, kupatula a Ba Levy Mpundu. Awo amagona chagada, miyendo m'mwamba, mimba poyera. Okwera minibasi amaloza n'kumaseka. Koma nsalu yakuda yotseka kunsi ija Ba Levy saikhoma mpaka wogula atasuzumira yekha, n'kugogoda thabwa, n'kutsina siponji.

Anabadwira ku Mufulira, bambo awo ali wa mumgodi. Ku Lusaka anabwera ali mnyamata, nagwira ntchito pafakitale ina ya mipando ku Heavy Industrial Area. Fakitaleyo itatsekedwa anatuluka ndi hamala, singano yosokera, ndi khalidwe limodzi lomwe mzinda uno umaliyesa matenda: kubisa chinthu sakutha. Mzinda wake uno, momwe munthu amakugulitsa buloko lomangira nyumba lonyenyeka m'manja, Lamlungu n'kukakhala pampando wakutsogolo m'tchalitchi, onse n'kumamutcha wochenjera.

Rex anabwera pashedi chifukwa cha Ba Elesi, akazi a Ba Levy. Anali mlongo wotsiriza wa mayiwo, wotopa ndi kuyendayenda m'tauni, ndipo Ba Elesi anachonderera mpaka amuna awo anavomera. Manja anali nawo, zoona. Msoko wake unkawongoka ngati wamakina a kufakitale. Chimene analibe ndi mtima wodikira.

Mwezi wa mphepo, mayi wina wa ku Mtendere, Ba Inonge, anaitanitsa seti ya masofa yofiirira yoti akapereke kwa mwana wawo pa kichinipate, phwando lija amayi amasonkhera mkwatibwi katundu wa m'nyumba. Mafelemu atangotha, kunabwera uthenga wa maliro a malume awo a Ba Levy ku Mufulira. Anasiyira Rex makiyi ndi ndalama za siponji yatsopano, nanyamuka.

Anabwerako Lachisanu, phwando lili mawa lake. Anapeza seti itaima pamiyendo, yokutidwa pulasitiki, ikunyezimira. Ba Inonge anali pomwepo ndi kalole ka hayala, injini ikulira.

"Mwabwela bwino, mulamu," anatero Rex akumwetulira. "Onani, nasiliza vonse. Mwamene munali kulila, ine nenze kusebenza."

"Ni ndani watseka pansi?"

"Ah, mulamu. Ba mami bathamanga. Masiku yano ni ndani ayangana m'mala mwa sofa? Ni nkhuku iyi?"

Woyendetsa lole anaseka. Ba Levy anakhala pampando waukulu uja, ndipo kunsi kwa fungo la guluu ndi mafuta onunkhira amene wina anapoperapo, mphuno yawo inagwira fungo lina: mkodzo wakale. Anadziwa. Anadziwanso kuti akangokhala chete lole ipita, Ba Inonge akavina mawa, ndipo kunyumba kukhala mtendere. Koma mwana wa eni akagona pampando umenewu ndi khanda lake tsiku lina, ndipo akafunsa amene anaupanga, dzina la Rex silidzatchulidwa.

Anaugudubuza mpandowo, natenga mpeni, naing'amba nsalu yakuda kuchokera ngodya mpaka ngodya. Munatuluka zidutswa za matiresi otoledwa kudzala, zachikasu ndi mawanga, makatoni a sopo, nsanza ya siketi. Kenako nsikidzi zinayamba kuyenda padzuwa, zosafulumira n'komwe.

Wina angaganize kuti Ba Inonge anathokoza. Ayi ndithu. Mayiwo sanamuyang'ane n'komwe Rex. Chala chawo chinalunjika pamphuno pa Ba Levy.

"Imwe ba tate, muli na nzelu? Mailo pa phwando nizapeleka chani pamenso pa bantu? Bonse ba ku chalichi baziba kuti nileta sofa. Sembe mwangonkhala zii, ine sembe sininazibe."

"Mami, nipaseni sabata imozi, nizaika vatsopano vonse."

"Sabata? Mwana wanga akwatiliwa kabili?"

Apo Sampa, kalipentala wa shedi yoyandikana, amene ankamvetsera atatsamira mtengo, anaitana mokoma. "Mami, bwelani kuno. Yanga ilibe madilama, ni yosila kudala, ingoyembekeza lole." Ba Inonge analandira chikole chawo m'manja mwa Ba Levy osawayang'ana, nadutsa kangalande. Seti ya Sampa inakwezedwa pa lole ili chotsekera. Palibe anapempha mpeni.

"Mwaona manje?" anatero Rex. "Chilungamo chanu icho, ikani mu poto mudye."

"Tenga jekete yako. Makiyi siya apa."

Madzulo Ba Levy anapeza nkhani itawatsogolera kunyumba. Ba Elesi anaima pakhomo, manja m'chiuno. Sanafunse za maliro.

"Mwana wa amai anga mwamuvula pamsewu monga kawalala wakuba. Simukanamuitanila kumbali?"

"Lole inali kulila, Elesi. Kumbali kunali kuti?"

Mpaka mvula inagwa, Ba Elesi ankalankhula nawo kudzera mwa ana. Amayi a ku tchalitchi cha Ba Inonge anauzana kuti bambo wa masofa ogada uja ndi wosadalirika, amakhumudwitsa anthu tsiku lomaliza, ndipo anasiya kuima pashedi yake. Rex sanakhale pa ulova ngakhale sabata. Sampa anamutenga, poti msoko wake ndi wowongoka, ndipo tsopano masana alionse Ba Levy amamva makina ake akulira kuseri kwa malata, osapuma.