Mchombo wa Zuze ndi Mapiritsi a Ababa

Ndikukumbukira fungo la fodya wa m'mabani owumitsira chaka chimene mlongo wanga Zuze anabadwa, pa pulazi ina kufupi ndi Guruve, ku Zimbabwe. Ine Rozina, mwana woyamba, ndinali giredi folo, wonyada ngati khandalo ndinabereka ndine.

Tsiku lina azakhali, mlongo wawo wa ababa, akumusambitsa m'beseni anaona kuti kathumba kake ka umuna n'kopanda kanthu mbali imodzi. Anakuwa komboni yonse n'kumva. Kwathu ku Tete, ku Mozambique, amati mchombo wa mwana wamwamuna ukaduka n'kugwera pamaliseche, mwanayo sadzabereka, ndipo wolakwa ndi mayi wosasamala. Azakhali, amene pakamwa pawo sipankapuma ngakhale Lamlungu, anagamula kuti izi ndi zimene zachitikira Zuze, choncho amayi alongedze abwerere kwawo. Kwawo kuti, nkhondo ili mkati? Amayi ankangolira. Ine mantha, ngakhale chakudya sichinkalowa.

Ababa anali munthu wosayankhulayankhula. Ankadwala khunyu kuyambira ali mnyamata, ndipo m'mawa uliwonse ankamwa timapiritsi toyera asanapite kukapopera fodya. Anapempha tsiku kwa folomani n'kutikweza basi ya ku Chinhoyi, ine wonyamula matewera.

Dokotala atamuyeza Zuze anati akakula pang'ono adzamuchita opaleshoni. Za mchombo anangopukusa mutu. Kenako anafunsa ababa za mankhwala amene amamwa ndi amene amagwira kuntchito. Anati mwina zoterezi zimakhudza mwana wamwamuna asanabadwe, koma palibe akudziwa bwinobwino, ndipo mapiritsiwo asawasiye.

Ababa "mwina" uja anamusiya m'basi. Titafika anaima pakhomo n'kuyankhula mosakaniza ndi Chishona, anthu akumva.

"Aiwa achemwali, mai Rozina muwasiye. Chiremba, dokotala uja, wati ndi mapiritsi anga. Wofuna kuthamangitsa munthu athamangitse ine."

Amayi anamasula mtolo wawo, ndipo anthu anayamba kunong'ona za ababa, iwo osalabadira. Zuze anamuchita opaleshoni, ndipo lero ana ake amandisokosera m'nyumba tchuthi chilichonse.

Masiku ano achipatala amafunsa mayi ndi bambo omwe, koma kale mlandu wa khanda unali wa mayi yekha. N'chifukwa chake ndimawathokoza ababa ndi mtima wonse. Atakalamba ndinawafunsa ngati ankakhulupiriradi kuti anali mapiritsi.

"Mpaka lero sindidziwa, mwanangu," anatero. "Ndinangoona kuti mlanduwo ukakhala wanga, palibe achoke pakhomo."