Mwanaisha ndi phiri limene sanalionepo

Lachiwiri lapitali ndinatsika basi pa Bua kuti ndikazonde mlongo wanga. Ndinapeza atapita kumaliro, koma anthu apakhomopo anandiuza kuti mwana wake, Mwanaisha, ali kumtsinje akuvuula chinangwa. Ndinamulondola komweko.

Mwanaisha analemba mayeso a Folomu 4 ndipo anakhoza bwino kwambiri. Tsopano akudikira tsiku limene wailesi idzawerenge mayina a osankhidwa kupita kuyunivesite. Mukudziwa inu, yunivesite ndi imodzi dziko lonse lino, ndipo khomo lake ndi lopapatiza.

Titalonjerana, anapukuta manja pachitenje n'kundifunsa motsitsa mawu.

"Amalume, inu mumayenda m'matauni. Ndiuzeni zoona. Kodi anditenga?"

Ndinamufunsa chimene chikumupanikiza. Anandifotokozera kuti mnzawo wa bambo ake wamupezera ntchito ya ukalaliki kufakitale ya shuga ku Dwangwa, ndipo akufunika kukayamba Lolemba. Akavomera, alonjeze kuti sadzathawa pakati pa chaka, kuopa kuchititsa manyazi amene wamuyankhulira. Akakana, malowo apatsa wina. Mayina pawailesi sanatuluke.

Ndisanayankhe, iye anayamba kusimba za ku Zomba, kumene kuli yunivesiteyo koma phazi lake silinapondeko.

"Akuti kumeneko munthu ukadzuka suona nyanja, umaona phiri litafunda nkhungu. Akuti kuli nyumba ya mabuku okhaokha, mpaka ena umachita kukwera makwerero kuti uwafikire. Ine ndimadziona nditakhala pafupi ndi zenera, nditavala juzi, kunja kukuwaza timvula. Palibe wondiitana kuti ndikatunge madzi. Ndikungowerenga za matenda a ana mpaka nditawamvetsa onse."

Ankayankhula maso ali kutsidya kwa mtsinje, chinangwa chili m'manja ataiwala kuchisenda. Inenso ndinaliona phirilo. Kwa kanthawi ndinaiwala fungo la chinangwa chovunda, ndipo ndinamva ngati kukuzizira, chonsecho dzuwa linali paliwombo.

Kodi mukanakhala inu mukanamuyankha chiyani?

Vuto lathu ife akuluakulu ndi loti mwana akamadikira mayina, aliyense m'mudzi amasanduka wosankha. Pamasiku awiri amene ndinakhalako ndinamva zambiri. Wogulitsa pagolosale anati mapointi a mwanayo ndi abwino, atengedwa basi. Mphunzitsi wina wopuma anati ayi, sukulu imene anaphunzirako ndi yosatchuka. Wina anati masiku ano amayang'ananso boma limene munthu akuchokera, ndiye mwina kwathu kuno mwayi ulipo. Winanso anati atsikana amawatenga ochepa. Onsewa ankayankhula motsimikiza, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhalapo m'chipinda chimene amasankhiramo.

Ndimaona ngati tikamayeza mwayi wa mwana, kawirikawiri timayeza mantha athu omwe. Amene anakhumudwapo amati usayembekeze. Amene sanayesepo amati n'zosavuta. Mwanayo amangotola mawu athu onse n'kumagona nawo.

Ine ndinamuuza chimene ndikudziwa, ndipo n'chochepa. Ndinati okhoza bwino ndi ambiri kuposa malo, moti chaka chilichonse ana anzeru amatsala popanda chimene alakwa. Ndinati iye ali m'gulu la amene angathe kutengedwa, koma sindingamulonjeze. Anagwedeza mutu.

"Ndiye kuti inunso simukudziwa, amalume."

"Sindikudziwa, mwanawe."

Bambo ake, a Bwanali, ndi msodzi wosayankhulayankhula. Atabwera kuchokera kumzikiti ku swala ya masana tinakhala pakhonde, Mwanaisha atagwada chapatali.

"Alamu," anatero a Bwanali, "fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ntchito ija ilipo lero. Za wailesizi ndani akudziwa? Akadzapanda kumutchula, adzatsala pano akuvuula chinangwa, anzake akumuseka."

Ndinavomera kuti mantha awo ndi omveka. Kenaka anatembenukira kwa mwanayo.

"Iweyo ukuti bwanji?"

Mwanaisha anadzutsa mutu n'kuwayankha.

"Bambo, ndikapita ku Dwangwa, dzina langa n'kudzatuluka ine nditadzimanga kale, ndidzalira moyo wanga wonse. Ndikadikira, n'kupanda kutuluka, ndidzalira mwezi umodzi, kenaka ndidzafuna china chochita. Ndiloleni ndidikire."

A Bwanali anayang'ana pansi. Anati riziki, dalitso la munthu, amagawa ndi Mulungu, ndipo ngati ndi lake lidzamupeza. Anati apita okha kukapepesa kwa mnzawo uja. Anadzuka n'kulowa m'nyumba, ndipo ndinaganiza kuti akwiya.

Lachinayi m'mawa a Bwanali anandiperekeza kukakwera basi. Tikudutsa pagolosale anandipempha kuti ndiwadikire. Anatulukamo ndi mabatire atsopano, n'kuwakulunga bwinobwino m'kansalu.

"Awa sindiika muwailesi mpaka tsikulo," anatero. "Akale aja amatha mawu pakatikati. Sindikufuna kuti dzina la mwana lidzatidutse chifukwa cha mabatire."

Tinayenda pang'ono, kenaka anandifunsa ngati n'zoona kuti ku Zomba kumazizira mpaka munthu kufuna mabulangete awiri. Ndinati n'zoona. Anati kunyumba kuli limodzi labwino, linalo aona chochita.

Pamene ndikulemba pano, ntchito ya ku Dwangwa yapita kwa wina, ndipo mayina sanawerengedwe. Mwina Mwanaisha atengedwa, mwina ayi. M'midzi yambiri, kuyambira ku Mwadzama mpaka ku Dwambazi, muli ana ena amene akudikira chimodzimodzi, aliyense ndi loto lake.

Tsikulo likadzafika, wailesi idzatchula ochepa n'kutseka. Amene adzatchulidwe tidzawanyamula pamapewa. Nanga mwana amene analimba mtima n'kudikira, dzina lake osamveka, ndani wa ife adzapite kukakhala naye pakhonde?