Dzina Losatha la Mlendo

Ndili mkati mwa kompyuta ya kuntchito, ndikulondera khomo lolowera maimelo. Pafika mlendo wa jekete loyera.

"Dzina lanu, bambo?"

Ndikumupatsa kabokosi kolembamo dzina, kakang'ono ngati ka machesi. Akulemba osaleka. Zilembo zadzaza kabokosiko, zikusefukira, zikuyenda pansi ngati linthumbu mpaka zalowa m'chipinda momwe kompyutayo imatengamo malamulo. Ndikufuna kumuletsa, koma agogo amene anandilera ankati mlendo sadulidwa mawu. Zitseko zonse zatseguka zokha. Mlendo uja wakhala pampando wa abwana, akuwerenga mokweza maimelo a anzanga, anzangawo ataimirira.

"Iwe, unali kuti?" akufunsa abwana.

"Ndinali pompano, bwana. Ndimadikira kuti amalize."

Ndadzidzimuka kutulo manyazi atandigwira, ndafunda bulangete kumutu ngakhale ndili ndekha.