Kagetsi Kobiriwira ka a Leunis

A Leunis Poortvliet akhala akusamalira tchalitchi cha m'mudzi muno kuyambira tsitsi lawo lisanachite imvi. Amasesa, amatenthetsa nyumba m'nyengo yozizira, amaikira abusa madzi pagome, ndipo Lamulungu lililonse amayatsa kagetsi kobiriwira ka pamwamba pa chitseko. Kuno ku Zeeland, chigawo chathu cha m'mbali mwa nyanja, banja lililonse lili ndi malo ake pabenchi, osiyiridwa ndi makolo. Koma mapemphero akatsala pang'ono kuyamba, kagetsi kaja kakayaka, malo onse opanda munthu amasanduka a aliyense, ndipo oima kumbuyo amathamangira kutsogolo mwaulemu, monga momwe angathamangire anthu ovala zakuda.

Malo a pafupi ndi zenera ndi a Tannetje, mwana wawo yekhayo. Anayamba kukhalapo miyendo yake isanafike pansi, pambali pa malemu amayi ake, akudikira switi wa pepaminti amene kwathu amatuluka m'thumba ulaliki ukafika pakati. Atakula anapita ku tawuni, nadula tsitsi, nadulanso dzina. Tsopano ndi Tanja, ndipo amagwira ntchito ku khonsolo.

Midzi yathu akuluakulu a boma anaiphatikiza pansi pa khonsolo imodzi kuti ntchito zizifulumira, ndipo yoyamba kufulumira inali yolola sitolo kutsegula pa Sabata. Akuluakuluwo anafunsa maganizo a anthu, anathokoza kwambiri, kenako anachita zomwe anali atakonza kale. Chidziwitso chitatuluka m'nyuzi, woyankha madandaulo anali T. Poortvliet. Panalibe amene anafunsa kuti T ameneyu ndi ndani.

A Leunis anali m'gulu la odandaulawo. Iwo amakhulupirira kuti dziko losapuma pa tsiku la Ambuye limatopa, ndipo akaliyang'ana amaona kuti latopa kale. Amakumbuka Sabata lakale: msewu wopanda galimoto, chingwe chopanda zovala, phokoso lokhalo likhale la mphepo ndi nsapato za anthu opita kokapemphera, Tannetje ali patsogolo atagwira chipewa kuti chisauluke.

Ndiye anayamba kuchedwetsa kagetsi. Poyamba zinali pang'ono chabe. Chala chili pa switchi, maso ali kumsewu. Kenako woimba limba anayamba kubwereza nyimbo yolowera, ndipo tsiku lina abusa anafika pagome anthu akadali chiimire kumbuyo.

A Kodde, mkulu wampingo komanso mlimi wa anyezi, anawapeza akupukuta mabenchi.

"Kodi a Leunis, chala chanu chagwidwa nyamakazi?"

"Ndi switchi. Yakalamba."

"Switchi yomwe tinagula chaka chatha ija? Azimayi akuima kumbuyoko ngati akudikira basi. Amene mukumudikira tonse tikumudziwa, achimwene. Mwina akuchedwa chifukwa amayamba wadzera ku sitolo."

"Inu anyezi wanu amasiya kukula pa Sabata?"

"Amakula yekha, ine sindimuthandiza."

Nkhani inapita ku seshoni, bwalo la akulu ampingo. Seshoni inasankha komiti, komiti inasankha kakomiti, ndipo nyengo yozizira itatha kakomitiko kanapeza kuti vuto silinali mwa munthu koma mu ndondomeko. Anagwirizana zogula kawotchi koyatsa kagetsi kokha. Mkulu wina anafunsa ngati ndi chololedwa kuti makina azigwira ntchito pa Sabata. Atasinkhasinkha mozama, anagamula kuti popeza kawotchiko kazitcheredwa Loweruka, ntchito yake yonse iziwerengedwa ya Loweruka.

Loweruka lotsatira masana a Leunis anaimbira foni mwana wawo, poti pa Sabata foni saigwira.

"Tannetje."

"Bambo, dandaulo lanu ndinaliona. Ndinakuyankhani ngati ena onse."

"Ndinaona. Akuti ndine wolemekezeka wokhala m'dera lino. Sindinkadziwa."

Tannetje anaseka, ndipo kuseka kwake kunali kwa amayi ake. "Komatu sitolo ikatsegula palibe amene akukukokerani m'kati."

"Ngakhale tchalitchi sichikoka munthu. Malo ako alipo, koma kuyambira mawa kagetsi si ka ine ayi."

"Ndilibe chipewa, Bambo."

"Cha amayi ako chili mu kabati."

"Ndidzaona," anatero Tannetje. A Leunis amawadziwa mawu amenewa. Ku khonsolo amatanthauza kuti nkhani yatha, koma m'kamwa mwa mwana wako umawasunga.

Lamulungu m'mawa anaima pakhomo, manja alibe chochita. Anthu analowa, azimayi ndi zipewa zawo, azibambo ndi nkhope zawo za Sabata. Kumsewu kunadutsa alendo a panjinga atanyamula buledi wotentha. Pakati pa oima kumbuyo, mayi wina anali atalozetsa kale nsapato kumalo a pazenera aja.

Malamulo a mpingo a Leunis amawadziwa kuposa amene anawalemba. Kagetsi kamamasula malo opanda munthu okha. Anasiya mpando wawo wa pakhomo, nayenda pakati pa mabenchi nsapato zikulira, nakhala pamalo a Tannetje. Kagetsi kanayaka pa nthawi yake yeniyeni.

A Kodde anawerama pobwera kuchokera m'chipinda cha akulu. "Malo anu ndi pakhomo, a Leunis."

"Pakhomo pali kawotchi."

"Nanga mwini malo akabwera?"

"Ndidzaimirira. Kuima ndinazolowera."

"Iyi ipita ku seshoni."

"Ipite. Ikamatuluka mu kakomiti tidzakhala titakolola."

Anthu anaimba salimo mwapang'onopang'ono monga momwe timaimbira kuno, liwu lililonse kulipatsa nthawi yake. Ali pamalopo a Leunis anazindikira chinthu chimene zaka zonsezi sanachidziwe: munthu ukakhala apa, zenera limakuonetsa msewu wonse wochokera ku tawuni, mpaka pamene umakwera chitunda chotchinga madzi a m'nyanja. Ndiye kuti mwana uja ankayang'ana kumeneko ulaliki wonse.

Ulaliki utafika pakati, anthu anayamba kupisa m'matumba tchalitchi chonse. A Leunis anatulutsa maswiti awiri. Mmodzi anaika m'kamwa. Winayo anamusunga m'dzanja mpaka salimo lomaliza, kenako anamubwezera m'thumba, poti mapemphero a madzulo anali akubwera.