Tsiku Limene Kadzira Kananyamula Bambo

Ndinadzuka kusanache, msana ukupweteka chifukwa cha mkeka ndi simenti yozizira. Nyimbo zinali zitatha. Amayi a mpingo anali atagona chokhala, atatsamira khoma, ndipo amayi anga okha ndi amene anali maso, dzanja lili pa bokosi la bambo. Kunja nkhungu ya ku Misuku inali itameza nthochi zonse. Ndinatuluka kuti ndikasonkhezere moto, ndipo ndinaona chinthu chimene sindinachiyembekezere. Pamoto wa azibambo panali anthu atatu okha: mlongo wanga Fatsani, abambo aang'ono amene anachokera kwathu ku Ntcheu, ndi abusa athu okalamba. Zipika zina zonse zinali zopanda munthu.

Chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Bambo anabwera kuno ine ndisanabadwe, natsegula golosale, nakhala bwino ndi anthu, koma kumaliro sankapita. Mtima woipa analibe ayi. Kukagwa zovuta ankatumiza shuga, mchere ndi palafini, amayi n'kupita kukagona kusiwa. Bambowo ankatseka golosale mwaulemu, kenako n'kuzembera kuseri kwa nyumba kumene kunali kagalimoto kawo.

Kagalimotoko anakapeza m'shedi yakale ya mzungu wina amene ankaphunzitsa anthu kulima khofi, nkhuku zikuikiramo mazira. Kanali ka matayala atatu, kozungulira, ka anthu awiri opanikizana. Chitseko chinali chimodzi, kutsogolo, ndipo ukachitsegula chiwongolero chinkatuluka nacho pamodzi. Ana anakapatsa dzina loti Kadzira. Bambo anachotsa bodi yonse naikhazika pa njerwa kuti apale dzimbiri, ndipo chitsulo chapansi chokhala ndi matayala chinaima pachokha pambali. Zaka zinatha akusaka mabawuti ndi mawaya mpaka ku Tunduma, akufunsa fundi kapena makaniko aliyense amene amva kuti amadziwa injini zakale. Anthu onyamula maliro akamadutsa pamsewu, ankamva kugogoda kwa hamala kuseri kwathu. Ine ndinawauzapo kangapo kuti zimenezi zidzatibwerera, iwo n'kumangoseka, manja ali girizi yekhayekha.

Kutacha, anthu anayamba kufika. Amayi a m'mudzi anabwera ndi nkhuni, nyemba ndi mikoko ya nthochi pamutu, nalowa m'nyumba akulira monga mwa mwambo. Azibambo anabweranso ambiri, koma sanakhale pabwalo. Anakhala tsidya lina la msewu, m'mphepete mwa munda wa khofi, atafunda majekete, akutiyang'ana. Tiyi amene tinawatumizira anabwerera osamwedwa.

Dzuwa litakwera pang'ono, adzukulu anabwera kuchokera kumanda, makasu ali paphewa, matope mpaka m'mawondo. Mtima wanga unakhala pansi poona kuti akumba. Mkulu wawo, bambo wamfupi amene ankagula sopo kwathu kuyambira ndili mwana, anaima pamaso pa abambo aang'ono, navula chipewa.

"Pepani chomene, adada. Manda takumba chifukwa cha amama awa, amene sanaphonyepo nyifwa, maliro alionse m'mudzi muno. Koma kunyamula yayi. Mapewa athu atopa ndi kunyamula abale athu iye akugogoda zitsulo. Amunyamule shuga wake, kapena kagalimoto kake."

Abambo aang'ono anagwada pamatope, munthu wa imvi, napepesa ndi mawu onse amene anali nawo. Analonjeza mbuzi. Mkuluyo anayankha kuti mbuzi sakuifuna, ankafuna munthuyo pamaliro awo, ndipo anawoloka msewu kukakhala ndi anzake. Abusa anatsatira kukalankhula nawo, nabwerera akupukusa mutu. Ine magazi anawira. Ndinkafuna kuwoloka ndikawafunse kuti shuga uja ankamwa ndani, koma amayi ena anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa.

Manda ali kutsidya kwa mtsinje. Njira yake ndi yotsetsereka, ndipo lole singafikeko. Mtembo unali utakhala kale masiku kuchokera kuchipatala cha ku Boma, ndipo m'nyumba anthu anali atayamba kutsegula mawindo mwakachetechete. Kumwamba mitambo inali ikuda. Mwa amuna athu, woti n'kunyamula anali Fatsani yekha, poti enawo anali nkhalamba. Ndinachita mantha enieni kuti bambo agonanso m'nyumba usiku wina, ndi kuti anthu adzatiloza chala mpaka ku zidzukulu zathu.

Amene anaimirira ndi amayi anga. Anatuluka m'nyumba, chimene wamasiye sachita nthawi isanakwane, napita kuseri. Tinamva malata akugwa, kenako tinawaona akukankha chitsulo cha Kadzira okha, matayala akulira. Fatsani anathamanga kukawalandira. Anamasula kampando, nayala matabwa a mashelefu a m'golosale, namanga chingwe kumatayala akutsogolo kuti aziwongolera. Kutsidya kwa msewu wina anaseka, anzake namuletsa.

Kwathu kuno akazi sanyamula bokosi, ndipo sindinaonepo. Koma amayi a mpingo anayang'anizana, mmodzi nanena kuti kukankha si kunyamula. Tinathandizana kulitulutsa pakhomo mokwekwereza, nkhalamba ziwiri zija zikugwira kumutu. Bokosi linali lalitali kuposa kagalimoto, moti mbali ya kumiyendo inatulukira kumbuyo. Tinalimanga ndi zingwe za mphira za pa njinga. Abusa anapemphera mwachidule, mvula n'kuyamba kuwaza.

Pamsewu zinayenda bwino. Nyimbo inayambika, yopyapyala chifukwa munalibe mawu a amuna. Nditacheuka ndinaona azibambo aja aimirira, akutsatira chapatali, manja m'matumba. Titatsala pang'ono kufika potsetsereka, Fatsani anandinong'oneza kuti mabuleki bambo anali asanaike. Nkhope yake inali itatuwa.

Mayi wina wonenepa, wogulitsa mandasi pamsika, anamva. Anamasula chitenje chake chapamwamba, nachimanga kuchitsulo chakumbuyo. Ena anachita chimodzimodzi, kulumikiza zitenje mpaka zinakhala zingwe ziwiri zazitali. Tinagwira tonse, n'kuyamba kutsika tikukokera chammbuyo, zidendene zikukumba dothi lofiira. Nyimbo inatha yokha. Zinkamveka ndi mpweya wa anthu ndi mvula pa masamba a nthochi basi. Pakati pa chitsikiro tayala lakumbuyo linaterera, kagalimoto n'kupendekeka, bokosi n'kusuntha. Mfundo imodzi inamasuka ndipo amayi atatu anagwa chagada. Ine chitenje chinandiwotcha m'manja koma sindinasiye. Fatsani anaponya mwala pansi pa tayala, natsamira bokosi ndi chifuwa. Ndinakuwa dzina la bambo mokwiya, ngati kuti angandimve. Kumtunda azibambo anali ataima, ena atatulutsa manja m'matumba, koma palibe anatsika.

Tinafika kumtsinje. Pamenepo m'pamene tinaona chimene tonse tinaiwala. Mlatho wake ndi mitengo iwiri yogonekedwa, yokwana mapazi a munthu. Matayala akutsogolo a Kadzira anali otalikirana kuposa mlathowo, ndipo madzi anali atayamba kufiira ndi kukwera. Tinaima. Amayi anga anafika, nayang'ana mlatho, nayang'ana madzi, kenako anayamba kumasula zingwe za pabokosi okha. Atamaliza anawerama, nalowetsa phewa lawo pansi pa ngodya imodzi. Anali mayi wa zaka zambiri, wochepa thupi, ndipo bokosi silinasunthe n'komwe. Anayesanso.

Sindinamve kutsika kwa azibambo aja. Ndinangoona mkulu wa adzukulu ali pambali pa amayi, akuwachotsa mofatsa.

"Fumanipo, amama. Pamlatho pokha," anatero, osayang'ana munthu kumaso.

Anyamata asanu anabwera. Awiri analowa m'madzi mpaka m'chiuno kuti achirikize pansi, enawo anayenda pamitengo pang'onopang'ono, bokosi lili pamapewa. Atafika kutsidya tonse tinadikira kuti alitsitse. Mkuluyo anaima, napuma, nakonza phewa lake. Kenako anayamba kukwera phiri. Ena anawoloka nalandira monga amachitira nthawi zonse, mmodzi akatopa wina n'kulowa, ndipo nyimbo itayambanso inali ndi mawu a amuna pansi pake. Pamenepo ndinalira kulira kumene ndinali ndisanalire chimwalirireni bambo. Kadzira kanatsala kokha m'mphepete mwa madzi, zitenje zikulendewera.

Kumanda kunalibe zolankhula zambiri. Palibe anapepesa, ndipo palibe ananena kuti nkhani yatha. Anakwirira bwino, mosamala, mvula ikuwakhuthukira pamsana. Pobwerera azibambo ena anafika kunyumba nasamba m'manja nadya, ena anapitirira kwawo. Mpaka lero sindidziwa kuti ndikwiyire ndani kwambiri, iwo kapena bambo. Anyamata anakankha chitsulo chija kukwera nacho, nachisiya pakhomo pa golosale chili matope okhaokha.

Madzulo nyumba inakhala chete. Amayi a mpingo ochepa amene anatsala anali kukhitchini akuyanika zitenje pamoto. Pabalaza panali mkeka ndi mabenchi awiri pamene panali bokosi. Amayi sindinawapeze m'chipinda, ndipo ndinatuluka ndi nkhawa kukawafuna. Anali kuseri. Anali atatsegula chitseko cha bodi ya Kadzira, imene inali ikadali pa njerwa zake, nakhala mkati pa kachitini ka penti, atasiya malo a munthu mmodzi pambali pawo. Ndinagwada pakhomopo. Iwo ankayang'ana pagalasi losweka.

"Bambo akowa," anatero potsiriza, "zaka zonsezi ankandiuza kuti tsiku loyamba kuyenda, wokwera ndidzakhala ine. Taona lero. Akwera okha, ine ndikukankha."